Chinaka chathu ndi mgodi wa malasha, thandizeni

Abale ndithandizeni maganizo. Kwathu ku Rumphi kuli kampani ina ikufuna layisensi yokumba malasha, ndiye anthu a ESIA (kafukufuku woona momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu) anabwera mu Okutobala kudzalemba zomera, tchire lonse litapsa kale phulusa lokhalokha. Nkhawa yanga ndi chinaka chija amayi amakumba kudambo, chimaoneka nthawi ya mvula basi, maluwa cha mu Januwale, chilimwe olo mufufuze bwanji simungachione chili pansi. Ndiye lipoti likadzati palibe chomera chosowa atsutse ndani? Kodi a MEPA (bungwe la boma loteteza zachilengedwe) angawauze kuti abwerenso dzinja? Nanga a National Herbarium (bungwe losunga ndi kufufuza za zomera) ku Zomba, munthu wamba ngati ine ndingawatumizire zithunzi atiuze mtundu wake? Amene munadutsamo chonde, msonkhano wa kwa amfumu wayandikira.