PokerTracker 4: ndigule kapena ndidikire?

Nyalugwe: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimasewera Texas Hold'em, mtundu wina wa masewera a makhadi a poker, pa intaneti, koma ndikadzuka patebulo sindidziwa kuti ndalama zatayikira pati. Akuti pulogalamu ya pakompyuta ya PokerTracker 4 imasunga hand iliyonse (ulendo uliwonse womwe makhadi agawidwa n'kuseweredwa) n'kukuonetsa pomwe ukulakwitsa. Ndigule?

Kamba: Gulani achimwene. Mutu wa munthu umasunga zowawa zokha. Tsiku lomwe ma ace anu awiri anagonja kwa ma 7 awiri mudzalikumbukira mpaka kalekale, chonsecho pamenepo simunalakwitse: ma ace amapambana pafupifupi ka 80 pa 100, kotsalako ndi ka mnzanuyo. Chimakudyerani ndalama ndi tima call ting'onoting'ono (call ndi kuponya ndalama zolingana ndi beti ya mnzanu) tomwe simutikumbukira n'komwe. Pulogalamuyo siiwala. Imakuwerengerani VPIP, kuti mumalowa mu pot (ndalama zomwe zabetchedwa patebulo) mwa kufuna kwanu kangati, ndi PFR, kuti mumakweza beti kangati flop (makhadi atatu oyamba a patebulo) isanatuluke. VPIP ikakhala pamwamba PFR ili pansi, dziwani kuti mumangotsatira anzanu ndi makhadi ofooka.

Kadzidzi: Ine ayi, musathamange. Choyamba, pot odds (kuyerekeza zomwe mukuponya ndi zomwe mungatenge) mumazidziwa? Tinene mu pot muli 100, mnzanu wabetcha 50 pa turn (khadi lachinayi la patebulo), inu mukudikira flush (makhadi asanu a mtundu umodzi). Mukuponya 50 kuti mutenge 150, ndiye kuti muyenera kumapambana ka 25 pa 100. Makhadi okupulumutsani ndi 9 mwa 46 omwe simunawaone, zosakwana 20 pa 100. Call imeneyo ndi yotaya ndalama, pokhapokha ngati munthuyo adzakulipiraninso pa river (khadi lomaliza la patebulo) flush ikabwera. Izi zimangofuna pepala ndi pensulo, ndipo zovutirapo pulogalamu ya Equilab imakuwerengerani ulere.

Nyalugwe: Masamuwo ndimawadziwa mwa apo ndi apo.

Kadzidzi: Ndiye yambirani pamenepo amwene. Manambala a pulogalamu sayankhula kwa munthu yemwe sanagwire masamu.

Kamba: Akulu, zomwe mwanenazo n'zoona, koma pepala silingamuuze kuti call yotereyo amaipanga kangati. Mu PokerTracker amangosefa ma hand onse omwe anapanga call pa turn, n'kuwaona limodzilimodzi. Hand yomwe wapambana ndi call yolakwika ndiye yoopsa zedi, chifukwa umachoka ukusangalala n'kudzabwerezanso mawa. Pulogalamuyo imakuikira pamaso ngakhale zimenezo.

Gologolo: Awiri nonsenu mwasiya mfundo ina. Manambalawo amafuna ma hand ochuluka kwambiri, masauzande ambirimbiri, asanayambe kunena zoona. Wosewera pang'ono Loweruka lokha adzangoona mwayi ndi tsoka n'kumayesa ndi luso. Komanso onani malamulo a komwe mumasewera. Pa malo osewererapo pa intaneti, Partypoker inaletsa ma HUD (gawo la pulogalamu loonetsa manambala a osewera patebulo) mu 2019, GGPoker nayonso salola HUD yochokera kunja. Mukhoza kugula chinthu chomwe theka lake simuligwiritsa ntchito.

Kamba: HUD ndi yoonera anzako pamene ukusewera. Iye akufuna kudziona yekha, ndipo chofunika n'chakuti ma hand history ake (mbiri ya ma hand omwe wasewera) azitha kuwatsitsa.

Gologolo: Pamenepo tagwirizana. Koma chonde achimwene, pulogalamuyo ikadzakuonetsani kuti mwezi ndi mwezi mukungotsika, mudzaimvere. Musadzakwere matebulo a ndalama zambiri kuti mubweze zomwe zapita.

Nyalugwe: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi trial yaulere ija, ndilowetse ma hand omwe ndili nawo kale. A Kamba, sefa ya ma call a pa turn ija imapezeka pati?