Kubukitsa kwa dokotala kuno ku Joni: ukalephera kupita amalipiritsa? Nanga alipo obwera kunyumba?

NaNgozo, Rosettenville

Abale anga, ndigawireni nzeru. Amayi anga ali kuno, anadwala sitiroko ndipo mbali ya kumanja sigwira bwino, komanso amamwa mankhwala a BP ndi shuga. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye tsiku lokaonana ndi dokotala nthawi zina limawombana ndi ntchito. Kodi n'zoona kuti ukabukitsa kwa dokotala wa pulayiveti n'kulephera kupita amakulipiritsabe? Ndiziwauza nthawi yanji kuti ndisalipire? Komanso alipo madokotala amene amabwera kunyumba? Kuwakweza amayi mu taxi ndi chintchito chachikulu.

Chisale, Randburg

Pepani ndi matendawa, achemwali. Za kulipiritsazo n'zoona, koma zili ndi malire. Bungwe la HPCSA, limene limalembetsa ndi kuyang'anira madokotala kuno, linanena kuti kwa dokotala wamba, uja amati GP, muziwauza kudakali maola 2 nthawi yanu isanakwane, pamene kwa sipeshalisiti ndi maola 24. Ngakhale mutachedwa kunena, dokotala sayenera kungokulemberani bilu. Akhale kuti anakudziwitsani kale za lamulo lakelo, afunse kaye chimene chinakulepheretsani, ndiponso athe kuonetsa kuti sanapeze wodwala wina wolowa m'malo mwanu. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008, gawo 17, likuwonjezera kuti ngati wobukitsidwayo wagonekedwa m'chipatala kapena wamwalira, palibe chindapusa chilichonse.

Pamene anthu athu amakodwa ndi pa fomu ija mumasaina pa risepushoni tsiku loyamba. Ambiri amalembamo maola 24 kwa aliyense, ena mpaka 48, ndipo mukasaina iwo amati munauzidwa. Werengani musanasaine, mujambulenso ndi foni. Dziwaninso kuti medical aid, inshuwalansi ya zachipatala ija, nthawi zambiri salipira tsiku lophonya, ndalamayo imachoka m'thumba mwanu.

Kukansela kwenikweni n'kotere: imbani foni, mukamaliza tumizaninso uthenga pa WhatsApp kapena SMS kuti pakhale umboni wa ola limene mwanenera. Mu uthengamo lembani dzina la amayi monga lilili pa fayilo, tsiku lawo lobadwa, tsiku ndi ola limene anabukitsidwa, ndipo pemphani tsiku lina pomwepo. Kuflasha kapena kutumiza Please Call Me si kukansela ayi, pa risepushoni palibe amene adzakuimbireni. Ngati tsiku lanu ndi Lolemba m'mawa, nenani Lachisanu asanatseke, chifukwa uthenga wa Lamlungu usiku amakauona nthawi itatha kale. Ngati munabukitsa pa intaneti, monga pa RecoMed, kakanseleni pomwepo kenako n'kuimbanso.

Pobukitsa musamangoti “ndikufuna kuonana ndi dokotala”. Nthawi imene amapatsa munthu mmodzi ndi yochepa, pafupifupi mphindi 15. Munthu wa sitiroko kuti alowe, akhale pansi, avule juzi, theka la nthawiyo lapita. Nenani kuti ndi wachikulire wosayenda bwino, wa BP ndi shuga, akupatseni nthawi yotalikirapo. Funsani ngati pali masitepe kapena wilutcheya pakhomo, komanso ngati mtengo akunenawo ndi wa mankhwala omwe, poti madokotala ena amapereka okha mankhwala pamene ena amakulemberani kuti mukagule ku famase. Sankhani nthawi yoyambirira m'mawa, mzere usanayambe kuchedwa. Ngati akayezedwa magazi a shuga asanadye, ndiye kuti akhale maola 8 osadya, ndipo funsiranitu ngati amwe mapiritsi a shuga m'mawawo kapena adikire. Kumwa mankhwala a shuga wopanda kanthu m'mimba kumatha kugwetsa munthu pamzere.

Dzina likhale limodzi paliponse, la pa pasipoti. Mukabukitsa lero ndi dzina la kwa amuna awo, mawa ndi la kwa bambo awo, amatsegula mafayilo awiri ndipo zotsatira za magazi zimasokonekera.

Mayi NaPhiri, Cosmo City

A Chisale afotokoza bwino za pulayiveti. Ine ndinene za boma, chifukwa matenda a BP ndi shuga ndi a moyo wonse, kulipira GP mwezi ndi mwezi kumatha thumba.

Ku kiliniki ya boma sabukitsa pa foni ngati kwa GP. Ulendo woyamba mumalawirira kukaima pamzere ndi pasipoti ya amayi, umboni wa kumene mukukhala, ndi makalata onse a kuchipatala. Kuyambira pamenepo tsiku lobwerera amalemba pa khadi. Nthawi yokambirana za tsikulo ndi imeneyo, nesi asanalembe. Muuzeni masiku amene mungapeze mpata, ambiri amamva. Mukaona kuti tsikulo silitheka, pitani kapena tumani munthu ndi khadilo tsikulo lisanafike kuti akasinthe. Kuphonya kulibe chindapusa, koma fayilo yanu imakhala itatulutsidwa n'kubwezedwa, ndiye mukafika tsiku lina mumadikira a tsikulo athe kaye. Choopsa kwambiri n'chakuti mankhwala amaperekedwa molingana ndi tsikulo. Mukachedwa sabata, amayi akhala sabata osamwa a BP, ndipo sitiroko yachiwiri itha kubwera pamenepo.

Ku zipatala zazikulu nkhani ndi ina. South Rand ndiyo muli nayo pafupi ku Rosettenville, ndipo Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Baragwanath amafuna kalata yokutumizani kuchokera ku kiliniki kapena chipatala chaching'ono, kupatula pa zadzidzidzi. Tsiku la kwa sipeshalisiti kumeneko limatha kukhala la miyezi ingapo kutsogolo. Limenelo musaliphonye, ndi bwino kupempheratu tchuthi kwa abwana tsiku lomwe mwapatsidwa khadi. Mukaliphonya mumayambanso kudikira.

BP ndi shuga zikakhazikika, funsani nesi za CCMDD, ndondomeko ya boma yotengera mankhwala pafupi ndi kwanu, ena amaidziwa ndi dzina loti Dablapmeds. Mankhwala amawatumiza ku malo amene mwasankha, monga famase ya Clicks kapena Dis-Chem, inu n'kulandira SMS kuti afika. Mutha kulembetsa munthu wina woti azikawatenga. Kalata ya mankhwalayo imatha pakapita miyezi 6, pamenepo amayi amayenera kukaonekeranso okha. Phukusi likakhalitsa osatengedwa amalibweza, ndiponso nambala ya foni ikasintha osawauza, SMS siifika.

Za kunyumba: dokotala wa boma sabwera pakhomo. Amene amabwera ndi azaumoyo oyendera m'makomo, ofanana ndi alangizi a zaumoyo aja a kumudzi, ndipo amatumidwa ndi kiliniki ya dera lanu. Kauzeni sisitala wamkulu kuti muli ndi wodwala wosayenda, apatseni adiresi yeniyeni ndi nambala imene imagwira. Amaona kamwedwe ka mankhwala, zilonda, ndi kukanena ku kiliniki zikavuta. Pemphaninso kalata yoti amayi aonedwe ndi a fizo, aja olimbitsa ziwalo, iwowo ndi amene amayeza ngati akufunika ndodo, choyendera kapena wilutcheya.

Ndipo ngati mukuganiza zopita nawo kumudzi mu Disembala, nenani pa ulendo wa ku kiliniki wa Novembala kuti akupatseni mankhwala okwanira ndi kalata yokaonetsa ku chipatala cha kwathu. Pa basi ya ku Park Station mankhwala akhale m'kachikwama ka m'manja, osati mu katundu wa mu tirela, poti pa Beitbridge mutha kukhala maola ambiri.

Che Saidi, Mayfair

Madokotala a pulayiveti obwera kunyumba alipo, koma ndiyambe ndi chenjezo. Kuitana dokotala pakhomo ndi kwa matenda amene angadikire maola angapo: chifuwa, chilonda, mkodzo wowotcha, kuonanso mankhwala. Mukaona kukamwa kwapotoka, dzanja lalefuka mwadzidzidzi, mawu sakumveka, kapena akudandaula pamtima, akubanika, musabukitse chilichonse. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amagwira ntchito ngati aperekedwa asanathe maola anayi ndi theka chiyambire zizindikiro, choncho onani wotchi nthawi imene zayamba mukauze a ambulansi. Ambulansi a pulayiveti a Netcare 911 pa 082 911 ndi ER24 pa 084 124 nawonso amabwera, koma bilu imatsatira. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Ngati ali thukuta, akunjenjemera, ndipo makina akuonetsa shuga wosafika 4, apatseni madzi a shuga pomwepo ngati akutha kumeza.

Pa zosafulumira, yambani mwafunsa GP amene ali kale ndi fayilo yawo. Amene amavomera amabwera nthawi ya nkhomaliro kapena akaweruka, ndiye imbani m'mawa kuti akuikeni pa ndandanda ya tsikulo. Mtengo umakhala wa kupima, kuwonjezera wa ulendo, ndipo usiku, Loweruka masana ndi Lamlungu umakwera. Auzeni akulembereni mtengo wonse pa WhatsApp asananyamuke. Ambiri amafuna ndalama kaye pa EFT, kutumiza kudzera ku banki. Kukansela kwake kukhale asanakwere galimoto, akangonyamuka ya ulendoyo mulipira ndithu.

Chimene chimalepheretsa maulendo ambiri otere si ndalama, ndi geti. Ambirife timakhala zipinda za kuseri, belu kulibe, nambala ya nyumba sioneka. Dokotala amaima panja mphindi zingapo, foni yanu yathima chifukwa magetsi kulibe, amabwerera, ndalama yapita. Tumizani pini ya malo pa WhatsApp, nenani mtundu wa geti, perekani nambala yachiwiri, ndipo pakhale munthu woima panja. Galu amangidwe. Ngati ndi pa yadi ya abwana kapena mu kompuleksi, auzeni eni ake ndi alonda kudakali nthawi.

M'nyumbamo sonkhanitsani mankhwala onse m'jumbo limodzi, ndi ochokera kumudzi omwe, ngakhale azitsamba, musabise. Ikani pafupi kabuku ka kuchipatala ka ku Malawi, kalata imene anatuluka nayo m'chipatala, ndi pepala la manambala a BP ndi shuga a sabata yonseyo. Pakhale kuwala kokwanira, madzi ndi sopo. Chachikulu, pakhale munthu womasulira amene amadziwa mmene amayi amagonera ndi kudyera. Mwana wa sukulu yekha sangakwanitse, ndipo amayi sangamuuze zonse.

Kunyumba nthawi zambiri sangajambule X-ray kapena sikani. Magazi atha kutenga n'kutumiza ku labu yoyezera magazi monga Lancet, Ampath kapena PathCare, koma bilu ya kumeneko ndi yapayokha. Kutsuka zilonda kapena kusintha paipi ya mkodzo sikulira dokotala, nesi wolembetsedwa ku SANC, bungwe la anesi, amachita pa mtengo wotsikirapo. Dokotala amene mwangomupeza pa Facebook mufunseni nambala yake ya HPCSA, ya madokotala imayamba ndi MP, ndipo mutha kuifufuza pa tsamba la bungwelo. Akakana kupereka, musamulowetse.

NaNgozo, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Nanga kuntchito, dokotala angandilembere ine kalata ya odwala pa tsiku limene ndaperekeza amayi?

Chisale, Randburg

Ayi achemwali, kalata ya odwala amalembera amene wapimidwa. Inu pemphani pa risepushoni kalata yosonyeza kuti munaperekeza wodwala, yokhala ndi tsiku, ola ndi chidindo. Tchuthi cha mavuto a pabanja, chimene kwa antchito a m'nyumba ndi masiku 5 pachaka, lamulo limachipereka mwana akadwala kapena pakagwa maliro a wachibale wapafupi, koma kudwala kwa kholo silinakutchule. Ndiye tsikulo lichoka pa tchuthi chanu cha pachaka, kapena mugwirizane ndi abwana kuti mudzabweze maolawo. Mukangolandira khadi, jambulani tsikulo muwatumizire pomwepo. Pa masiku a GP funsani za Loweruka m'mawa, ambiri amatsegula mpaka cha m'ma 12 kapena 1 koloko, kungoti malo a Loweruka amatha msanga, muzibukitsa pofika Lachitatu.