Ndifunika zida ziti kuti ndimange scope pa mfuti ya mpweya?

Moni nonse abale. Ndithandizeni nzeru, zandikanika.

Ndili ku Mchinji, ndipo ndili ndi mfuti ya mpweya ya sipuling'i ya 4.5 mm imene ndimaphera makoswe kukhola la nkhuku. Ndinagula scope (galasi loonera patali polozetsa mfuti) ya 3-9x40, chubu chake ndi cha inchi imodzi, pomwe njanji ya pamfutipo, pomangirira scope, ndi ya 11 mm. Ndikaimanga imalondola bwinobwino, koma ndikangowombera kokwana 20 imayamba kutsetsereka kubwerera m'mbuyo, zipolopolo n'kumagwera pambali. Panjanjipo pafika pooneka timizere toyera pomwe yakhala ikukhulana.

Ndinapukuta mafuta onse ndi sipiriti, sizinathandize. Ndinalimbitsa masikuluu ndi Allen key mpaka imodzi inabunthuka mutu, ndipo nditamasula ndinapeza chubu chadinda pang'ono. Zimenezi zandiwawa kwambiri chifukwa ndalama yake ndinasunga miyezi ingapo. Levulo yowongolera scope ndinabwereka kwa mmisiri womanga nyumba, koma ndi yaitali moti sikhazikika pamfuti, choncho mtanda wolozera wa mkati mwa scope ukuonekabe wopendekeka.

Tsono funso langa ndi ili: kodi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira masikuluu) yaing'ono ndi yofunikadi, nanga masikuluu ogwira chubu amamangidwa mphamvu yanji? Kuseri kwa njanji kuli kabowo. Kodi n'kolowetsamo stop pin (kachitsulo koletsa scope kutsetsereka), ndipo ndigule chomangira cha chidutswa chimodzi m'malo mwa mphete ziwiri zimene zikugwira scope panopa? Loctite ya buluu (guluu woletsa masikuluu kumasuka) ndiikepo? Amene mukudziwa kogula timalevulo ting'onoting'ono ku Lilongwe kapena ku Chipata, chonde ndilozereni.