Gulu la Banja: za Tadala ndi Mphatso pa holide ino

Aphunzitsi Esnart: Mwaswera bwanji nonse. Ndaona malipoti a ana athu a Fomu 3. Masamu ali bwino, koma Chingerezi ndi Chichewa zatsika. Manotsi amaloweza bwinobwino, koma ukafunsa kuti "n'chifukwa chiyani mlembi wanena chonchi?" angoti chete.

Bambo a Mphatso (Joni): Ndiye tiwagulire mapepala a mayeso akale a MANEB, achemwali. Nditumiza ndalama pa Mukuru Lachisanu.

Aphunzitsi Esnart: Mapepalawo ndi ofunika, achimwene, koma paokha sakwanira. Ndime ya comprehension amakaiona koyamba m'chipinda cha mayeso, palibe choloweza. Ndipo mukudziwa, ku MSCE ukalephera Chingerezi setifiketi palibe, ngakhale masamu upeze 1.

Mayi a Tadala: Zimenezo n'zimene zikundisowetsa tulo, alamu. Titani?

Aphunzitsi Esnart: Loweruka lililonse, 2 koloko masana, tikumane kwa agogo. Tidzigula Weekend Nation ndi Malawi News. Tisankhe nkhani imodzi imene yatuluka m'nyuzi zonse ziwiri, kaya ya feteleza kaya ya mtengo wa chimanga. Anawo atiuze: wayankhula ndani? Ndani sanafunsidwe maganizo? Mutu wa nkhani ukugwirizana ndi zimene zili m'kati? Yankho lililonse aloze mzere umene alitengapo. Kungonena kuti "ndikuona choncho" sitilola. Tikatero tidutsenso masamba a Tamvani ndi Tikambe, Chichewa nachonso ndi phunziro la mayeso.

Mayi a Tadala: Muonjezere mauthenga ongotumizirana pa WhatsApp aja. Tadala amakhulupirira chilichonse cholembedwa kuti "tumizani kwa anthu 10".

Bambo a Mphatso (Joni): Pamenepo mwalasa, alamu. Nafenso akuluakulu tikhale nawo.

Agogo (walemba ndi Mphatso): Ana anga, bwerani. Ine ndidzawasimbira nthano, iwo andiuze amene walakwa ndani ndipo chifukwa chake n'chiyani. Koma mafoni azisiya m'nyumba.

Aphunzitsi Esnart: Zikomo amayi. Alamu, Lolemba muwaperekeze ku National Library akalembetse, aliyense abwereke buku limodzi la nkhani. Loweruka adzatiuze mmodzi wa anthu a m'bukumo amene sakugwirizana naye.

Bambo a Mphatso (Joni): Za nyuzi ndi minibasi zisiyeni kwa ine. Achemwali, nditumizireni nambala yolandirira.

Mayi a Tadala: Ine ndibweretsa mbatata ndi thobwa. Tiyambe Loweruka likubwerali?

Aphunzitsi Esnart: Eya. Aliyense abwere ndi kope ndi cholembera.