Thandizeni pa hammer-on ndi pull-off, mawu akumazima pa ukulele yanga

Moni nonse a m'gulu muno, makamaka inu amene mwakhalitsa pa ukulele, chonde ndithandizeni. Ndinayamba miyezi inayi yapitayi ndi ka ukulele kakang'ono ka soprano kochunidwa G C E A, makodi a C, Am, F ndi G7 panopa ndikumasintha olo osayang'ana zala, nde ndinati ndiyambeko kuliza nsambo imodziimodzi potsatira ma tab, aja olemba manambala pa mizere yoimira nsambo. Kumeneko ndi komwe ndakumana ndi timalemba ta h (hammer-on) ndi p (pull-off), monga 0h2 ndi 3p0, pomwe manambalawo ndi a freti, timipata ta pakati pa tizitsulo pogwira nsambo paja, ndipo 0 ndi nsambo yosagwira. Tanthauzo ndikulimva, kuti dzanja lamanja liliza kamodzi kokha koma mawu atuluke awiri, achiwiriwo awatulutse ndi chala chakumanzere. Koma kuti zitheke ndiye pagona nkhani.

Hammer-on ikumayesako. Ndikaliza nsambo ya A yosagwira kenako nkumenya pa freti 2, nthawi zina B uja amamveka chapansipansi, koma kawirikawiri chala chikangofika pansambo mawu onse amazima ngati ndawatseka pakamwa. Pull-off ndi imene ikundipweteka mtima, dzulo ndinakhala ola lathunthu pa 3p0 yokhayo, kuliza C pa freti 3, kudzutsa chala, ziii, mpaka ndinajambula pa foni poganiza kuti mwina khutu langa likundinamiza koma pomvetsera mawu achiwiriwo kulibiretu. Nsonga ya chala cha mphete ikadali ndi kamzere ka nsambo mpaka pano.

Nde funso langa ndi loti vuto ndi zala zanga kapena ndi ukulele? Ndaona kuti soprano mawu ake sachedwa kutha, kodi ndisiye kudzivutitsa ndipeze ukulele yokulirapo ya concert kapena tenor? Pali nyimbo ina imene ndikufunitsitsa kudzamuyimbira mwana wanga ndipo kamene kamaikometsa ndi ka 3p2p0 ka kumayambiriro, sindikufuna kukadumpha.

Yankho:
Achimwene mwanena nokha pamene pali vuto, mwati "kudzutsa chala". Pull-off sikudzutsa ayi, ndi kuliza nsambo ndi chala chakumanzerecho. Muzichita ngati mukuikodola, nsonga ya chala ikokere nsambo pansi pang'ono, cholozera kumene kuli mapazi anu, kenako iipulumuke yokha. Mukangonyamula chala molunjika m'mwamba nsambo imatsala ilibe choigwedeza. Ndipo pa 3p2p0 yanuyo zala ziwiri zikhale zitagwira kale musanalize, cha mphete pa 3, chapakati pa 2 chitapanikiza ndithu, chifukwa ambiri amakodola pa 3 kenako ndi pomwe akuthamangitsa chala china kupita pa 2, apo mochedwa kale.

Yankho:
Kuonjezerapo pa zomwe anena akuluwa, pa hammer-on musamalimbane ndi mphamvu, chofunika ndi changu. Chala chikatsika pang'onopang'ono chimayamba chakhudza nsambo nkuiziziritsa chisanaifikitse pa kachitsulo, ndi chifukwa chake mawu akuzima. Chigwe kamodzin'kamodzi, ndi nsonga yeniyeni osati mimba ya chala, ndipo chitere pafupi kwambiri ndi kachitsulo ka freti, kumbuyo kwake, osati pakati pa mpata. Chikagwa chikhale pompo, musachibweze. Sichifunikanso kuchokera kutali, sentimita imodzi yakwana. Zikhadabo za kumanzere wengani zifupike, ine zinandizunza mwezi wathunthu ndisakudziwa kuti chikhadabo ndi chimene chimayamba kugunda thabwa.
Komanso siyani kaye nsambo ya A, yambirani pa C, ndi yonenepa kuposa zonse ndipo imayankha msanga. Ikani metronome, kachida kogunda kosunga liwiro la nyimbo kaja, pa 60, pangani 0h2 kasanu, 2p0 kasanu, kenako 0h2p0 mwaliza kamodzi kokha. Mphindi zisanu kapena khumi tsiku lililonse, osati ola ngati dzulo lija, chala chikatopa chimayamba kuphunzira zolakwika.

Yankho:
Ine ndingoti musafulumire kunena kuti ndi zala zokha. Ma ukulele ena amabwera nsambo zili m'mwamba kwambiri ndipo pa yotero hammer-on imavuta olo kwa munthu wozolowera. Tengani rula muyeze pa freti 12, kuchokera pamwamba pa kachitsulo kufika kunsi kwa nsambo, zikakhala cha m'ma 2.5 mpaka 3 mm zili bwino, zikapitirira kwambiri apo pitani nayo kwa wokonza magitala akatsitse saddle, kachidutswa kamene nsambo zimatsamirapo pa mimba ya ukulele, musapale nokha ngati simunapangepo. Za tenor zo ndi zoona kuti mawu amakhalitsako chifukwa nsambo yake ndi yaitali, pafupifupi 43 cm pomwe soprano ndi 33 cm, koma anthu akupanga ma pull-off oyera bwino pa soprano, kungoti simuchedwa, mawu achiwiri alowe oyamba asanathe.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, ndayesa usiku uno. Ndayeza ndi rula zili pafupifupi 3 mm nde ukulele ilibe mlandu. Ndawenga zikhadabo, ndapita pa nsambo ya C, 2p0 yatuluka koyamba, D kutsikira ku C momveka bwinobwino, ndinabwereza mwina ka 20 chifukwa cha chisangalalo. Koma pabuka zina ziwiri, ndikamakodola pa E chala chikumakagunda nsambo ya A nayo nkulira, ndipo pa A penipenipo nsambo ikumaterereka kutuluka m'mphepete mwa thabwa nkumveka ka phokoso konyansa. Ndikukoka mopyola muyezo kapena?

Yankho:
Eya mukukoka kwambiri, chepetsani, kukodolako ndi kakang'ono zedi moti munthu woonerera sangakaone. Pa E lolani chala chikagonere pa nsambo ya A chikatha kukodola, chikaigonera imakhala chete, imalira pokhapokha mwaipyola. Pa A musakokere pansi molunjika poti kulibe nsambo ina yoti ikuimitseni, chala chichoke chopendekera, pansi pang'ono uku chikudzuka, ndipo pa 3p2p0 chala chapakati chija chipanikize zolimba pa 2 kuti nsambo isasunthe. Yesani masiku atatu pa 60 pomwepo kenako mutiponyere ka vidiyo koonetsa dzanja lamanzere chapafupi, tione mmene chala chikuchokera.