Za kulowa m'fiyeta zija, nazi zomwe ndapeza

Abale, ndinakufunsani ngati ife ophunzira za udokotala timaloledwa kulowa m'fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) tikatumizidwa ku wodi ya opaleshoni, kapena timangothera kuyeza BP. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinayamba pa Kamuzu Central kuno ku Lilongwe, ndipo inde, amatilowetsa.

Koma mpeni musauyembekezere. Choyamba amakuphunzitsa kusamba m'manja mpaka m'zigongono ndi kuvala gawuni ndi magolovesi osakhudza kunja kwake. Ukangogunda pomwe sipanaphedwe majeremusi, ukavale zina.

Chimene chandigwira mtima ndi kuwerenga. Asanatseke bala, anamwino amawerenga mokweza timagoze (tinsalu topukutira magazi), singano ndi zida zonse, ndipo chikasowa chimodzi adokotala samaliza kusoka mpaka chipezeke. Zili pamndandanda womwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2008: gulu lonse limaima katatu, wodwala asanagonetsedwe, asanang'ambidwe ndi asanatuluke, kutsimikiza dzina lake, mbali yoyenera kuchita opaleshoni ndi mankhwala omwe thupi lake limadana nawo. Ndimaona kuti apa mpomwe wophunzira ayenera kutchera khutu koposa.

Ntchito yambiri ili kuwodi: kutsuka zilonda, makamaka za ovulala pangozi zapamsewu, ndi kulankhula ndi magadiyani. Amayi ena anabwera ndi phala m'mawa wa opaleshoni, mwachikondi ndithu. Ndinawafotokozera kuti wodwala asadye kwa maola 6 opaleshoni isanachitike, chifukwa akasanza ali mtulo ta mankhwala, chakudyacho chingalowe m'mapapo. Anamva.

Amene munafunsa za nsapato, gulani zotseka kutsogolo, zosavuta kutsuka. Mudzaima nthawi yayitali.