Loft ya nyumba ya mathirasi ku Leicester: kutalika kwaperewera, eni ake akufuna kulowa msanga

Kalipentala wa ku Leicester:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo chifukwa nkhaniyi yandikwana. Banja lina likugula nyumba ya semi-detached (yogawana khoma limodzi ndi nyumba ina) yomangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo likufuna kuti loft, malo a pakati pa siling'i ndi denga, isanduke chipinda chogona cha mwana wawo wamkulu lisanasamukire. Wogulitsa nyumba anawauza kuti pamwambapo n'potakata, koma nditakwera ndapeza mathirasi a Fink (mafelemu onyamula denga okhala ndi matabwa opingasa ngati W) ali mbwee, thanki yamadzi ili pakati, ndipo kuchokera pamwamba pa matabwa a siling'i kufika pansonga ndapeza mamita 2.15 okha. Ndikaika pansi patsopano, insulation (zotchingira kuzizira) ndi plasterboard, ndikuona kuti nditsala ndi mamita 1.85 kapena kucheperapo. Makiyi alandira kumapeto kwa mwezi uno, ndipo nyumba imene akuchita lendi ayenera kuichoka pakatha milungu isanu ndi umodzi. Amandiimbira tsiku lililonse kufuna mtengo. Kodi pali njira yopezera kutalika popanda kukweza denga, kapena ndingowauza kuti sizitheka?

Mmisiri wa ku Coventry:
Achimwene, tsitsani siling'i ya zipinda za pansi pake. Nyumba za nthawi imeneyo zimakhala ndi siling'i ya mamita pafupifupi 2.4, choncho mukadyako masentimita 20 palibe amene adzagunde mutu. Mwayi wanu ndi wakuti m'nyumbamo mulibe anthu, ndipo ntchito yafumbi ngati imeneyi imachitika bwino katundu asanalowe.

Mayi wojambula mapulani:
Bambo a ku Coventry, uphungu umenewo umagwira pa madenga akale a mapaso ndi ma purlin (mitanda yonyamula mapasowo), koma pa thirasi thabwa la pansi lija si la siling'i yokha ayi. Ndilo limakoka miyendo ya thirasi kuti denga lisakankhire makoma kunja, ndipo mukalidula musanaike china chogwira ntchito yomweyo, denga limayamba kukhala pansi makoma n'kumatanuka. Zimatheka kuchita, koma pamafunika injiniya awerengere zitsulo, ndipo zitsulozo zimalowa m'khoma limene nyumbayi ikugawana ndi oyandikana nawo. Apa ndi pamene milungu isanu ndi umodzi ija ikuthera, chifukwa lamulo la Party Wall etc. Act 1996 limafuna kuti oyandikana nawo adziwitsidwe miyezi iwiri ntchito yokhudza khomalo isanayambe, pokhapokha iwo atavomera polemba kuti muyambe msanga. Akakhala chete kwa masiku 14, lamulo limatenga kuti akana, ndipo nkhani imapita kwa ma surveyor.

Komanso musaiwale kuti permitted development, ufulu wokuza nyumba popanda kupempha chilolezo cha planning ku khonsolo, imalola kuwonjezera makiyubiki mita 50 pa semi-detached ndi 40 pa nyumba za terrace (zolumikizana mumzere), koma silola kuti chilichonse chipitirire nsonga ya denga lomwe lilipo. Dormer yakumbuyo, ngati bokosi lotuluka padenga lokhala ndi windo, ikupatsani malo oyendamo, koma siwonjezera kutalika kwa pansonga ngakhale pang'ono.

Mmisiri wa ku Coventry:
Mayi, zimene mwanenazo sindikutsutsa, koma zitsulo zikufunikabe ngakhale siling'i itasiyidwa pomwe ili. Ngati injiniya akubwera kale, muuzeni awerengere pansi potsitsidwa. Ine ndikuti tsitsani siling'i.

Wamagetsi wa ku Luton:
Ine nkhawa yanga ili pa moto. Nyumba ya nsanjika ziwiri ikakhala ya zitatu, a Building Control, oyendera ntchito zomanga, amafuna kuti njira ya masitepe ikhale yotetezedwa kuchokera pamwamba mpaka pakhomo lotulukira panja, zitseko za zipinda zoyang'ana njirayo zikhale zopirira moto, ndipo ma alamu a utsi olumikizana, oyendera magetsi a m'nyumba, akhale pa nsanjika iliyonse. Ndinagwirapo nyumba ina imene eni ake oyamba anagumula khoma la pakati pa balaza ndi masitepe kuti malo aoneke aakulu. Loft inatha bwinobwino, penti ndi kapeti zonse zili m'malo, kenako woyendera ntchito anaima pabalaza n'kufunsa kuti mwana wa pamwambayo adzathawira kuti moto ukabuka m'khitchini. Anamanganso khoma lomwe linagumulidwa lija, ndipo mayi wa m'nyumbamo anasiya kutipatsa ngakhale tiyi. Achimwene, kodi pansi pa nyumba yanuyo mpotsekedwa kapena mpotsegula? Yang'anani zimenezo musanatchule mtengo uliwonse.

Kalipentala wa ku Leicester:
Pansi pali khonde lam'kati lofika pakhomo, ndiye mbali imeneyo ili bwino. Vuto langa ndi masitepe, chifukwa malo okhawo oyenera ndi pamwamba pa masitepe akale, ndipo amenewa amakathera kumbali kumene denga latsika.

Mayi wojambula mapulani:
Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse. Chipinda chenichenicho malamulo a ku England sanachiikire kutalika kwake, koma masitepe anawaikira: mamita 2, ndipo pa loft amalola kutsika mpaka 1.9 pakati pa masitepe ndi 1.8 m'mbali mwake. Kutsetsereka kwake kusapitirire madigiri 42. Jambulani masitepewo kaye papepala, chifukwa akalephera ndiye kuti zina zonse tikukambazi n'zopanda ntchito.

Madala a ku Birmingham:
Ana anga, ine ndakalamba ndi ntchito za madenga, ndipo ndikuchenjezeni pa zinthu zimene simunazitchule. Nyumba ya zaka zimenezo ikhoza kukhala ndi asbestos mu Artex (pulasitala wokongoletsa) ya pa siling'i, m'ma soffit (matabwa a kunsi kwa m'mphepete mwa denga), ngakhale m'thanki yamadzi yomweyo ngati ili ya simenti, pakuti asbestos analetsedwa kotheratu mu 1999. Amene akuti tigwetse siling'i ayambe wapimitsa. Chachiwiri ndi mileme. Kwathu mleme ukalowa m'denga timangouthamangitsa, koma kuno ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuononga pogona pake ndi mlandu. Ndinaonapo ntchito itaima nyengo yonse yotentha, scaffolding ikudya ndalama pachabe, chifukwa mnyamata wina anapeza zitosi zake pa insulation.

Ndinenso kuti ogula nyumba amakonda kuwerengera chipinda chimene kulibe. Ndaona mabanja ambiri atagula nyumba ya zipinda zitatu mumtima akuwerenga zinayi, ndipo zikakanika amakwiyira mmisiri, osati amene anawagulitsa.

Mmisiri wa ku Coventry:
Madala, kupimitsa asbestos sikutenga nthawi. Eni ake akalowa m'nyumbamo ndi ana ndi mabedi, siling'i ija simudzaitsitsanso, ndipo adzakhala ndi loft yoyendamo chowerama moyo wawo wonse. Nthawi yake ndi ino.

Wamipope wa ku Nottingham:
Mukatsitsa masentimita 20, mawindo a zipinda za pansizo muwachita bwanji? M'nyumba zambiri za nthawi imeneyo mutu wa windo umakhala pafupi kwambiri ndi siling'i, ndiye mudzapezeka mukupanga timabokosi pamwamba pa windo lililonse. Za thanki musadandaule, imachoka mukaika combi boiler kapena unvented cylinder, zimene zimapereka madzi otentha popanda thanki ya m'denga, koma yezani kaye mphamvu ya madzi olowa m'nyumba, makamaka ngati akufunanso bafa pamwambapo. Ndipo chonde ikani mtengo wa boiler padera, chifukwa makasitomala amaganiza kuti uli kale m'mtengo wa loft.

Madala a ku Birmingham:
Pa nkhani ya boiler yomweyo, kodi masiku ano mukutulutsira kuti flue, paipi yake ya utsi, pa nyumba zimene zili ndi dormer yodzaza kumbuyo konse? Ndili ndi ina ku Erdington imene wamipope wake akukana kubowola padenga lafulati.

Wamipope wa ku Nottingham:
Zimatengera pamene boiler yakhala, Madala. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwa nyumbayo ndi mtundu wa boiler, ndione ngati ingatulukire pakhoma la m'mbali.